Mutu 6: Mayina Khumi ndi Awiri Ozungulira Kambale

1. Meshi ya miyezi iwiri

Amake Luso anagwira ntchito masiku khumi ndi atatu osapuma. Tsiku la khumi ndi chinayi linali Loweruka, ndipo m'malo mogona analithera pamutu pa mwana.

Iwo anali pampando, chipeso chamchira m'dzanja. Luso anakhala pansi pakati pa miyendo yawo. Meshi yake inali itatha miyezi iwiri, ndipo kumizu kunali kutapotana ngati chisa cha mpheta. Kunja mvula ya ku Liverpool inkangowaza, ija yosaleka komanso yosakula.

Mtsikanayo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anali ndi fayilo ya sukulu pamaondo. Lachiwiri ankayenera kukaima kutsogolo kwa kalasi kukafotokoza phunziro la mbiri yakale, choncho ankabwereza mokweza.

Nkhani yake inali ya chilumba china chakutali, kumene lero kuli dziko la Haiti. Afalansa ankalimitsa nzimbe kumeneko ndi akapolo ogwidwa ku Africa. M'chaka cha 1791 akapolo aja anaukira, natentha minda. Asipanishi, omwe anali ndi mbali ina ya chilumbacho, anawapatsa mfuti. Angelezi anatumiza zombo zodzaza asilikali kuti alande dzikolo. Afalansa ataona kuti nzimbe zikupita, analengeza kuti ukapolo watha, pofuna kuti anthu omwewo awamenyere nkhondo.

"Weramitsa mutu," anatero mayi ake, omwe nkhaniyi anali ataimva sabata yonse.

Anali atamasula mbali ya kumanzere yokha pamene chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa anti Monde, mayi wa ku Zambia yemwe ankagwira ntchito limodzi ndi amake Luso. Jekete yawo inkadontha madzi pakapeti, ndipo moni sanapereke.

"Amake Luso, a Yotamu aidziwa bwanji kalata yathu?"

Chipeso chinaima.

2. Kalata

Kalatayo inali ya amayi khumi ndi awiri, Amalawi asanu ndi awiri ndi a ku Zambia asanu. Onse ankagwira ntchito pa kampani ina yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Lamulo limati munthu wosatha kuima azinyamulidwa ndi anthu awiri, koma manijala wawo, a Shirley, ankawatuma mmodzimmodzi. Mwezi wapitawo mnzawo Emily anathyoka msana pokweza bambo wina wolemera kuchoka m'bafa, ndipo anali akadali chigonere.

Amayiwo anagwirizana zolemba kalata yopempha munthu wachiwiri, n'kukaipereka onse pamodzi Lolemba. Viza ya aliyense inali yomangika ku kampaniyo, choncho palibe ankafuna kuti dzina lake likhale pamwamba. Lachisanu madzulo anaika kambale ka tiyi pakati pa pepala, aliyense nalemba dzina lake mozungulira, kuti pasaoneke woyamba kapena womaliza.

Mawu a kalatayo analemba ndi Luso, poti Chingelezi chake chinali chosalala. Pepala la mayina analisungitsanso kwa iye, m'fayilo ya sukulu. Ambiri mwa amayiwo ankakhala m'nyumba za kampani, zomwe a Shirley anali ndi makiyi ake. Fayilo ya mwana wasukulu ndani angaipekuse?

Tsopano anti Monde anafotokoza, ataimirira, kuti a Yotamu akhala akuimbira amayiwo kuyambira m'mawa. Ankadziwa za Lolemba. Ankadziwa za msana wa Emily. Anabwereza ngakhale chiganizo chomaliza cha kalatayo, liwu ndi liwu. Chomwe ankafuna chinali pepala la mayina.

A Yotamu ankadziwika ndi aliyense. Anabwera ku Mangalande kudzaphunzira zaka khumi ndi zisanu zapitazo, natsalira. Kutchalitchi ndiwo ankawerenga zolengeza. Ana onse a Amalawi ankapita nazo kwa iwo ntchito za kusukulu kuti akaziwongole. Ntchito yawo inali ya mu ofesi, kufunira antchito kampani ina yosamaliranso okalamba, yomwe inkalimbirana makasitomala ndi ya a Shirley.

Anti Monde anati nkhaniyi siyofuna wolosera. Mmalawi wauza Mmalawi mnzake. Anafunsa amake Luso kuti a Yotamu awalonjeza chiyani, ofesi kapena galimoto, ndipo anati a ku Zambia anapusa kukhulupirira anthu omwe amagawana chilichonse pakhomo la tchalitchi.

Amake Luso anayankha kuti wina akafuna kutukwana ayambe wavula nsapato, poti kapetiyo amachapa okha.

Mawu anakwera. Kenako, kuchokera pansi paja, Luso analankhula.

"Ndine, amayi."

Anafotokoza maso ali pansi. Lachinayi anapita kwa ankolo Yotamu ndi nkhani yake ya ku Haiti. Atamaliza anatulutsanso kalata ija kuti amuonere Chingelezi. Kwawo ku Zomba, kalata yopita kwa munthu wamkulu sinkatuluka pakhomo wamkulu wina asanaione, ndipo iye anaona kuti akuchita bwino. Iwo anafunsa kuti ndi ya ndani, iye anayankha. Anafunsa kuti ipita liti, iye anayankha. Anawauza ngakhale zoti mayina adzalembedwa mozungulira kambale. Mwana angakhale chete bwanji wamkulu akufunsa?

Mayina okha ndiwo sanaone, chifukwa tsikulo anali asanalembedwe.

Anti Monde anaseka kuseka kopanda mano. "Manje tizachita bwanji? Tinaika moyo wathu m'chikwama cha mwana."

3. Mawu a amayi

Amake Luso sanamenye. Anaika chipeso patebulo, nagwira mwanayo chibwano kuti awayang'ane.

"Tamvera, iwe. Sabata yonse wandigonthetsa m'kutu ndi Afalansa ako, Asipanishi ako, Angelezi ako. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma ndakhala ndikumva ndili pasinki, ndipo zikuoneka kuti ndamva kuposa iwe wowerengawe.

"Anthu aja anadzuka okha. Zikwapu zinali pamisana yawo, moto anayatsa okha. Moto utayaka m'pamene alendo anayamba kufika, aliyense ndi nkhope yachifundo. Uja wopereka mfuti ankafuna chiyani? Munda wa mnzake. Uja wa zombo ankafuna chiyani? Munda womwewo, ndi olima ake omwe, maunyolo ali m'miyendo. Mwini munda naye anati basi ndinu mfulu, kufikira tsiku lomwe anapezanso mphamvu, natumiza asilikali kudzawamanganso. Mtsogoleri wawo anamugwira bwanji? Ukuti anamuitana mwaulemu kuti akakambirane, nakafera m'ndende yozizira kwa eni akewo. Unanena wekha zimenezi, ine ndikusenda anyezi.

"Ndiye uganiza a Yotamu msana wa Emily ukuwapweteka? Anapitako kukamuona ngakhale kamodzi? Akalipeza pepala lija alitengera kuboma, kuti a Shirley alandidwe chilolezo cholemba anthu akunja, nkhalamba zonse zipite ku kampani yawo. Chilolezo chikapita, viza yanga yapita, yako yapita. Amakupatsa masiku makumi asanu ndi limodzi kuti upeze pena, ukalephera ndi ndege. Ife tikufuna munthu wachiwiri ponyamula odwala, basi. Sitikufuna wina adzagwetse denga ife tili m'nyumba momwemo. Tsiku lopita kuboma likadzafika tidzapita tokha, ndi miyendo yathu, titadziwa kogwera.

"Ulemu ndinakuphunzitsa ndine, sindikana. Koma ulemu ndi moni, ndi kulandira chinthu ndi manja awiri. Si kukhuthula za m'nyumba. Wamkulu akakufunsa chomwe si chake umati kafunseni amayi. Zatha. Safa nazo munthu zimenezo."

Anavala jekete pamwamba pa chitenje. Anayenera kupita ndi anti Monde kukakhazika mitima ya enawo pansi, nyumba ndi nyumba, poti pafoni aliyense ankangolira. Pakhomo anatembenuka n'kumuuza Luso kuti asasunthe, asayankhe foni ya munthu, ndipo ayambe kumasula yekha mbali yotsalayo.

4. Kudoko

Luso anamasula zingwe ziwiri. Yachitatu isanathe, uthenga unalowa pafoni yake.

Unali wa a Yotamu. Anati kampani ya a Shirley igwa ndithu, kalata kapena popanda kalata, ndipo wochenjera amatuluka nyumba isanapse. Anati amayi ake ndi ouma mutu, koma iye ndi mwana wophunzira, angathe kuwapulumutsa. Abwere ndi pepala lija nthawi ya thu koloko pamalo omwera khofi kudoko, ndipo Lolemba amayi ake adzakhala ndi ntchito yatsopano, yolembedwa, ya maola abwino.

Mtsikanayo anayang'ana nsapato za ntchito za amayi ake zomwe zinali pakhomo, zidendene zitadyeka mbali imodzi. Kenako anavala juzi ya chipewa, nabisa mutu wake wa mbali ziwiri, nafungatira fayilo, natsika masitepe.

Basi inamutsitsa m'tauni, ndipo anayenda wapansi mpaka kumadzi. Mphepo ya mumtsinje wa Mersey inkamukankha chammbali. Kudoko kumeneku kalasi yawo inabwerako mwezi watha, ndipo aphunzitsi anawaonetsa mtsinje womwe zombo zinkatulukira kupita kukagula anthu.

A Yotamu anali atafika kale, atavala jekete yaubweya yabwino. Anali atamugulira chokoleti chakumwa ndi keke. Luso anapereka moni, bondo litapinda pang'ono, nakhala. Iwo anaseka chipewa chake, namufunsa ngati walowa gulu la anyamata a m'misewu.

Analankhula nthawi yaitali, mofatsa. Anati amayi aja akudzinamiza. A Shirley adzailandira kalatayo akumwetulira, kenako adzawachotsa mmodzimmodzi. Anthu ofooka sapambana popanda wamphamvu kumbuyo kwawo.

"Ngakhale akapolo ako aja," anatero, akuloza fayilo, "mfuti anazitenga kuti? Akanati sitifuna thandizo la mlendo, akanamenya nkhondo ndi zikwanje mpaka liti? Mutu umodzi susenza denga, mwanawe."

Luso anaona kuti zimenezo zinali zoona. Anatsegula fayilo. Pepala la mayina linali kumbuyo kwa tsamba lachitatu la nkhani yake, ndipo nsonga yake inkaoneka. A Yotamu anatambasula dzanja.

"Ankolo, malo ku kampani kwanu alipo angati?"

Iwo anatakasa khofi wawo. Anati zimenezo n'za akuluakulu. Iye anafunsanso. Anati pakadali pano alipo anayi, ena adzaoneka m'tsogolo. Atafunsa kuti asanu ndi atatu otsalawo adzatani, anayankha kuti munthu sungapulumutse dziko lonse, ndipo chomwe chimukhudze iye ndi mayi ake. Emily yekha, anawonjezera, ndi msana umenewo palibe angamulembe.

Luso sanatulutse pepalalo. Anaika chala pa tsamba lachitatu lija, nawerenga mokweza. Ndimeyo inkanena kuti patangopita miyezi yochepa nkhondo itayamba, atsogoleri ena a akapolo anatumiza uthenga kwa eni minda. Anati mukatimasula ife ochepa, enawo tiwabweza ku nzimbe.

"Lachinayi munati ndime imeneyi ndinalemba mokwiya kwambiri, ndiifewetse," anatero. "Sindinaifewetse."

Anatseka fayilo.

Nkhope ya a Yotamu inasintha ngati nyali yazima. Anatsitsa mawu kuti azungu a patebulo lina asamve. Anati iye ndi kamwana kopanda mwambo, kophunzitsa akuluakulu mbiri chikhalirecho kanabwera dzana ndi chikwama cha pulasitiki. Anati mayi ake adzakalamba akupukuta nkhalamba za eni ake. Anamukumbutsa amene wakhala akumuwongolera ntchito za kusukulu zaka zitatu osalandira kanthu.

Dzanja lawo linagwira ngodya ya fayilo. Luso anaikoka, naikumbatira pachifuwa.

"Mvetsetsa," anatero iwo. "A Shirley ndimawadziwa, timakumana m'misonkhano. Ikakwana folo koloko pepalalo lisanafike m'manja mwanga, ndiwaimbira. Ndiwauza kuti kalatayo inalembedwa m'nyumba mwa ndani, ndi mwana wa ndani. Kambale kanu kaja sikabisa kanthu. Akachotsedwa mmodzi, enawo abwera okha kwa ine akuthamanga. Tsono sankha. Mayi ako akhale woyamba kulowa, kapena woyamba kutuluka?"

Luso anaimirira. 

"Kafunseni amayi."

Bondo linapinda lokha, mwachizolowezi, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kuposa china chilichonse. Chokoleti chija anachisiya chosakhudza.

5. Folo koloko

Luso anapeza amayi ake atabwerako. Anti Monde analinso pompo, ndipo zinkaoneka kuti akhala akukangana kuyambira pomwe anapeza nyumba ilibe mwana ndi fayilo yomwe.

Luso anaika fayiloyo patebulo. Anti Monde anaitsomphola, natulutsa pepala, naliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Anawerenga mayina akuzungulitsa pepalalo ndi chala, mpaka khumi ndi awiri. Anafunsa ngati bamboyo analijambula. Luso anati sanalione n'komwe. Anafunsanso kachiwiri, ndi kachitatu, ngati wapolisi.

Kenako mtsikanayo anafotokoza zonse, kuyambira uthenga mpaka malo anayi aja.

Anti Monde anakhala pansi, koyamba tsiku limenelo. Patapita kanthawi anaulula kuti m'mawa muja a Yotamu anawauza kuti malo awo alipo kale, asadandaule. M'nyumba zomwe anayendamo masanawo, amayi ena asanu ndi mmodzi ananong'ona zomwezo, aliyense akuganiza kuti ndi iye yekha.

Amake Luso anati mwina ndiye chifukwa chake ena analowa m'nyumba za eni akutukwana, kuti asayambe kufunsidwa iwo. Anti Monde anayankha kuti iwo foni ya a Yotamu anaidula, ndipo mwana yemwe anayambitsa zonsezi si wawo. Palibe anapepesa mnzake.

Luso ananena za folo koloko pomaliza. Onse atatu anayang'ana wotchi ya pachitofu. Panali patatsala mphindi makumi awiri.

Mtsikanayo anadikira kuti amayi ake anene kanthu. Iwo anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato zonyowa.

"Ndinati usasunthe. Ukanakhala pakhomo, bambo amene uja akanakhala akudikirabe ndi khofi wake, akuganiza kuti mwina mawa. Tsopano wamuuza kuti ayi pamaso, wapsa mtima, ndipo dzina lomwe litchulidwe ndi langa. Unanyamula mayina a eni ake kupita nawo kumadzi, osafunsa mwini dzina ngakhale mmodzi. Kuti wabwera nalo pepalalo, chabwino, ndaona. Koma usayembekeze kuti ndikuvinira. Munthu sayamikidwa pozimitsa moto womwe wayatsa yekha."

Anti Monde anapinda pepalalo kanayi, nalilowetsa m'kamisolo. Anati sililowanso m'chikwama cha mwana. Anati Lolemba latalika, amayi onse akumane mawa akangotuluka m'tchalitchi, a Yotamu akuona, ndipo kalatayo ipite tsiku lomwelo ngakhale kutakhala kukagogoda pakhomo pa a Shirley. Pakhomo anaima, nayang'ana Luso. Kenako anamanga zipi ya jekete natsika.

M'nyumba munatsala awiri. Amake Luso anakhala pampando paja, natola chipeso, naloza pansi. Luso anavula chipewa. Mbali imodzi tsitsi linali litaima ngati thonje, mbali ina meshi ili lendelende.

Amayi anamasula chingwe chimodzi, kenako china. Ankakoka mosanyengerera, ndipo Luso sanadandaule. Wotchi inadutsa folo koloko. Inadutsa mphindi zisanu, kenako khumi.

Foni ya amayi, yomwe inali pamkono wa mpando, inayamba kulira. Luso anatembenuza maso osatembenuza mutu, nawerenga dzina. Anali a Shirley.

A Shirley ankaimba tsiku lopuma akafuna munthu wogwirizira shifiti ya wina. Ankaimbanso pa zifukwa zina.

"Amayi, simuyankha?"

"Ilire. Papepala paja pali mayina khumi ndi awiri. Sindikayankha ndekha."

Foni inaleka. Isanathe mphindi inayambanso. Amake Luso anaigadabuza kuti iyang'ane pansi, nakankha mutu wa mwanayo kutsogolo, nalowetsa mchira wa chipeso m'chingwe chotsatira. Kumanja zingwe zambiri zinali zisanakhudzidwe.